Nyama Imene Ndinakana

Atatha kutiphunzitsa kavalidwe ka nsalu ziwiri zoyera zimene amuna amavala pa Haji, shehe amene ankatikonzekeretsa ulendo wa Haji anati kwatsala chinthu chimodzi, ndipo pa chimenecho iye sangatithandize. Zimene munthu walakwira Mulungu, anatero, Mulunguyo amakhululuka yekha ukakafika ku Maka. Koma zimene walakwira munthu mnzako zimakhala pamutu pako mpaka mwini wakeyo atanena ndi pakamwa pake kuti wakumasula. Choncho aliyense apite kwawo, akalembe maina, ayende khomo ndi khomo. Ndege yathu inali yoti inyamuke pakatha masiku khumi ndi awiri.

Mkazi wanga Mek Wok atandiona ndikusakasaka pepala, anandipatsa kope lathunthu. Anati munthu amene wakhala phungu zaka makumi awiri ndi zitatu pepala limodzi silingamukwane, ndipo ngati ndikufuna kuchita changu ndingokabwereka kaundula wa anthu ovota n'kuyambira patsamba loyamba. Pakamwa pa mkazi ameneyu mpoyabwa kuyambira kale. Ndinaseka, koma kopelo ndinalandira.

Ndinalemba maina makumi anayi ndi limodzi. Munali mphunzitsi wina amene ndinamusamutsitsa n'kukamutaya kumapiri chifukwa chondifunsa funso pamsonkhano. Munali asodzi a ku Alor Nyiur amene ndinawalonjeza doko, ndipo mwala wa maziko ake ndinauyika kawiri, chisankho china ndi chinzake, dokolo osaoneka. Ndinayenda masiku asanu ndi anayi, ndipo kunena zoona zinandiphwekera mochititsa manyazi. Ndikangoyamba kulankhula, mwini nyumba ankandidula mawu, kundigwira manja onse awiri, kunena kuti zakale zinapita, kenako tiyi ndi nthochi zokazinga. Mphunzitsi uja anachita kugwetsa misozi. Ndinayamba kudziona ngati munthu wabwino ndithu.

Dzina limene ndinalemba poyamba ndi limene ndinasunga kumapeto. Linali la achimwene anga, a Sulong.

Bambo athu anapita panyanja ine ndili ndi zaka zinayi, osabwerako. A Sulong anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo bambo anga anali iwowo. Ankapita kokoka makoka kuti ine ndipite kusukulu. Atakula anakhala wozinga nyama wa m'mudzi mwathu, ndipo panalibe ukwati kapena phwando limene ng'ombe yake inagwa popanda iwo. Anali ndi kachitidwe kawo. Mpeni ankanolera kuseri kwa nyumba kuti chiweto chisauone, ankayamba achimwetsa madzi, n'kuchisisita pakhosi mpaka chitafatsa. Anthu ankati nyama ya a Sulong imakoma chifukwa imafa yosaopa.

Za ndale iwo sankaziganizira kwenikweni. Anali a chipani cha boma chifukwa bambo athu anali a chipani cha boma, basi. Ine ndinabwera kuchokera kusukulu ndili ndi ndevu zatsopano ndi mawu ambiri, n'kulowa chipani chotsutsa. Achinyamata a masiku ano sakhulupirira ndikawauza mmene kuno kuchigawo chathu cha Terengganu kunalili nthawi imeneyo. Mzikiti umodzi, maimamu awiri, gulu lina likudikira panja kuti linzake litsirize kuswali. Anthu a mbali yathu ankanena kuti wa chipani cha boma chikhulupiriro chake n'chokayikitsa, ndiye nyama imene wazinga siyoyenera kudya. Ine mumtima sindinazikhulupirire zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Koma ndinkaona mmene zinkakokera anthu.

Chaka chimene ndinaima koyamba pampando wa nyumba ya malamulo ya chigawo chathu, a Sulong anakwatitsa mwana wawo wamkazi, Ramlah. Mkwati anali mwana wa a Mat Piah, munthu wamphamvu wa mbali yathu, ndipo a Mat Piahwo ukwatiwo anauvomera monyinyirika, chifukwa chokhacho choti mkwatibwi anali mwana wa achimwene a phungu wawo wam'tsogolo. Phwando linagwa kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti tivote. Achimwene anagula ng'ombe yaikulu, n'kuizinga okha mmawa.

Tili m'galimoto popita kumeneko, Derahman, amene ankayendetsa kampeni yanga, anandiuza kuti anthu sabwera kudzaona akwati, abwera kudzaona dzanja langa. Likangolowa m'mbale ya nyama, mavoti a kumtunda konse apita. Kwa zaka zambiri ndinkauza Mek Wok kuti Derahman ndiye anandisokoneza mutu. Linali bodza. Ndinali nditaganiza kale ndisanakwere n'komwe galimotoyo, ndipo ndinali nditakonza ndi mawu oti ndikanene.

Anandikhazika pamkeka wa alendo olemekezeka, pafupi ndi a Mat Piah. Mpunga wamafuta unabwera, fungo lake lokha lokhutitsa. Kenako achimwene anabwera okha atanyamula mbale, osatuma munthu, ndipo ndinaona kuti andisankhira chiwindi, chifukwa ankadziwa kuti ndimachikonda kuyambira ndili mwana. Anagwada n'kuika mbaleyo patsogolo panga.

"Wazinga ng'ombeyi ndani?" ndinafunsa mokweza.

Anandiyang'ana ngati sanamve bwino. "Ndazinga ndine, Jusoh, mng'ono wanga."

Ndinakankhira mbale ija pambali ndi zala ziwiri. Ndinati ndabwera kudzalemekeza ukwati, koma chikhulupiriro sichiona nkhope ya mbale wako. Kenako ndinatenga dzira lowiritsa limene amapatsa mlendo aliyense paukwati, ndinalisenda pang'onopang'ono, n'kulidya anthu onse akuona. Dzira silizingidwa. Amene anali pafupi nane anayamba kupukuta manja, wina anaimirira, wina anatsatira, ndipo posakhalitsa theka la phwando linali pamakwerero, aliyense akufufuza nsapato zake. Achimwene anatola mbale ija n'kubwerera nayo kukhitchini. Nyama yotsala anakaikwirira madzulo kuseri kwa mitengo ya kokonati, poti kunalibe woidya yonse ndipo kunkatentha.

Ndinapambana ndi mavoti mazana awiri ndi khumi ndi awiri. Ndinakhala phungu wa chigawo maulendo awiri, ndikukuwa kumbali yotsutsa, wopanda ngakhale thumba limodzi la simenti loti ndipatse anthu anga. Kenako a chipani cha boma anandiitanira ku hotela ina kulikulu la dziko, ku Kuala Lumpur, n'kundifunsa ngati sindinatope. Ndinali nditatopa. Anandipatsa mpando wa Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, ndipo ndinadumphira kuchipani chawo. Kwathu wotere amatchedwa chule, ndipo kwa chaka chathunthu pazithunzi zanga zonse za m'misewu wina ankajambulapo miyendo yobiriwira. Ndinakhala kumeneko maulendo atatu. Ndinadya nyama ya nduna, ya akazembe, ya m'ndege, ya m'mahotela a maiko amene sindingathe kuwatchula bwino, ndipo sindinafunsepo ngakhale kamodzi kuti wazinga ndani.

Zinthu zinazizira pang'onopang'ono. Mzikiti unabwerera kwa imamu mmodzi, a Mat Piah anamwalira, Derahman anayamba kugulitsa matayala. Anthu atanditaya pachisankho changa chomaliza ndinabwerera kumudzi ndi matenda a shuga ndi zithunzi zambiri za pakhoma. Koma a Sulong sanagwirenso mpeni kuyambira tsiku la ukwati lija. Chaka chilichonse pa Idi ndinkapita kukawapsompsona dzanja n'kunena mawu opempha chikhululuko amene aliyense amanena tsiku limenelo, iwo n'kuyankha amene aliyense amayankha. Za mbale ija sitinazitchulepo. Ndikaona chiwindi patebulo, mtima unkandiluma, ndipo ndinasiya kuchidya n'kumanamizira dokotala.

Ndiye kutatsala masiku atatu ndinapita mmawa, nditakonza bwino nkhani yanga. Ndinawapeza atakhala pamakwerero a nyumba yawo, akusoka ukonde umene sudzalowanso m'madzi. Maso awo anali atachita ng'ala, koma anandidziwa ndi kayendedwe.

"Olemekezeka afika. Mulibe chisankho chaka chino, mwasochera?"

Ndinakhala pamunsi pawo n'kuwauza zimene ndinaganiza. Ndagula ng'ombe ya phwando lotsanzika. Ndikufuna adzaizinge iwo, pamaso pa mudzi wonse, ndipo ine ndidzakhale woyamba kudya. Ndinali nditaitana kale anthu mazana atatu. Polankhulapo ndinkamva ndekha kuti mawu anga akukoma, monga ankakomera papulatifomu.

Anaseka mpaka kutsokomola. Anatambasula manja awo kuti ndione mmene ankanjenjemerera, n'kundifunsa kuti ng'ombeyo yandilakwira chiyani kuti ivutike chifukwa cha machimo anga. Anati mpeni anausiya chifukwa akaugwira ankapsa mtima, ndipo chiweto sichizingidwa ndi munthu wokwiya. Mkwiyo utatha, manja anali atatha nawonso. Za kukhululuka anati ndisadzivutitse, anandikhululukira kale chaka chimene anandiona pa TV nditavala malaya a chipani chawo, chifukwa anazindikira kuti mng'ono wawo sanali woipa mtima kwenikweni, anali wanjala chabe.

Zinandiwawa, koma ndinamva kupepuka. Ndinawagwira dzanja ndikulira pang'ono. Iwo anakhudza kope limene linali m'thumba langa la malaya n'kufunsa kuti n'chiyani. Nditawauza, anati ndiwawerengere, amve anzawo amene ali nawo m'gulu limodzi. Ndinawerenga onse makumi anayi ndi limodzi. Ena ankawaseka, ena ankafunsa ngati akadali moyo.

"Watha?"

"Ndatha, achimwene."

Anakhala kanthawi akupapasa ukonde uja kufuna pamene analekeza.

"Kodi ukwati uja unali wanga?"

Sikuti sindinkadziwa zimene zinachitika. A Mat Piah anali m'gulu la amene anaimirira tsiku lija, ndipo potuluka anatenga mwana wawo. Sabata isanathe mnyamatayo anatumiza mawu osudzula, ndipo ine ndinazimva tsiku lovota, ndili pakati pa anthu ondinyamula m'mwamba. Ndikukumbuka kuti ndinaganiza zoti mtsikanayo ndi wamng'ono, apeza wina. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. A mbali yathu sakanamufunsira chifukwa cha bambo ake, a mbali ya boma ankati ndi wobwezedwa ndi adani awo. Sanakwatiwenso. Anadwazika mayi ake mpaka kuwaika m'manda, ndipo tsopano ankasamala bambo ake. Zonsezi ndinkazidziwa ngati mmene munthu amadziwira kuti kuseri kwa nyumba yake kuli mtengo. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala ndikudzimvera chisoni ndi mbale ya chiwindi, ndipo pokhala pansi kulemba anthu amene ndinawalakwira, ndinakumbukira mphunzitsi wa kumapiri, Ramlah osamukumbukira.

Ndinapita nthawi yomweyo. Ramlah ali ndi kachisakasa m'mbali mwa msewu wopita kunyanja, kumene amaphika ndi kugulitsa keropok, chakudya chopangidwa ndi nsomba zosinja ndi ufa. Ndili phungu ndinkakonda kuimitsa galimoto pamenepo n'kutuma dalaivala kuti akagule zambiri, ine nditakhala kumbuyo, galasi nditatsitsa theka, ndikumuimikira dzanja. Ndinkati ndikumutukula mwana wa achimwene.

Ndinamupeza manja ali m'beseni, akukanya nsomba zosinja ndi ufa, n'kumazipota zazitalizitali patebulo. Mphika wamadzi unali pamoto. Panali amayi anayi ogula, ndipo atandiona anayamba kundifunira mafuno abwino a ulendo, poti mudzi wonse unali utaitanidwa kuphwando. Ramlah anandipatsa moni monga amachitira nthawi zonse, kunditchula kuti Ayah Su, bambo wamng'ono, n'kugunditsa chipumi pa dzanja langa osaligwira, chifukwa manja ake anali a nsomba. Tsitsi limene linatulukira m'mphepete mwa mpango wake linali la imvi. Sindinali nditaziona zimenezo.

Ndikanayenera kudikira kuti amayi aja achoke. Koma munthu amene wakhala moyo wake wonse akulankhula pagulu sadziwa kudikira gulu kuti lichoke. Ndinayamba pomwepo. Ndinati ndikupita ku Haji, ndipo ndabwera kudzapempha chikhululuko chifukwa cha zimene ndinachita tsiku la ukwati wake.

Sanasiye kupota. Anandifunsa ngati ndinamuona tsiku limenelo, ndipo ndinavomera kuti sindikukumbuka. Anati nayenso sanandione. Mkwatibwi akakhazikidwa pampando wa akwati amayang'ana pansi, sadzutsa maso, salankhula, ndipo azakhali ake anali atamuopseza kuti akangoyang'ana anthu adzamunena moyo wake wonse kuti ndi wopanda manyazi. Ndiye iye anangomva mawu anga patali osamva chimene ndanena. Anamva phwando likuti zii. Anamva mbale zikugundana, mapazi pamakwerero, anthu akufunsana nsapato. Mayi amene ankamukupiza anasiya kukupiza. Kenako wina anabwera kudzanong'oneza mkwati, mpando wa pambali pake unalira, ndipo anaona mapazi a mwamuna wake akutsika. Iye anakhalabe chomwecho, maso pansi, chifukwa panalibe amene anamuuza kuti adzuke. Anati sadziwa kuti anakhala nthawi yaitali bwanji.

Amayi aja anali atasiya kusankha keropok. Mmodzi anayang'ana kumsewu.

"Koma keropok zanga mwadya zaka zonsezi osafunsa, Ayah Su," anatero Ramlah. "Kapena poti nsomba sizizingidwa."

Ndinati ndinalakwa. Ndinati ndinkadziwa kuti nyama ija inali yabwino, ndinachitira mavoti. Aka kanali koyamba kunena zimenezo kwa munthu aliyense, ndipo ndinkayembekezera kuti zimugwedeza. Anangogwedeza mutu ngati ndamuuza kuti kunyanja kuli madzi.

Mmodzi wa amayi aja, wachikulire, anamugwira paphewa n'kumuuza mofatsa kuti munthu wopita kunyumba ya Mulungu sabwezedwa, amumasule apite ndi mtima woyera, mphotho yake adzaipeza. Anzake anavomereza. Ramlah anawayang'ana mmodzimmodzi, kenako anandiyang'ana ine, ndipo ndinazindikira chimene ndinachita. Ndinali nditamukhazikanso pampando pamaso pa anthu, pamene mwambo sumulola kuchita china.

Anasamba m'manja, anapukuta, n'kundigwira dzanja ndi manja onse awiri monga mwa mwambo.

"Ndakukhululukirani, Ayah Su, za kunja ndi za mumtima. Mupite bwino, mukabwere bwino."

Amayi aja anatamanda Mulungu. Wachikulire uja anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. Ine ndinali nditalandira mawu amene shehe ananena kuti ndi ofunika, ochokera pakamwa pa mwini wake, pamaso pa mboni zinayi, ndipo sindinachitepo manyazi otero moyo wanga wonse, ngakhale chaka cha miyendo yobiriwira chija.

Ramlah anakulunga keropok zotentha m'pepala, anati n'za Mek Wok, n'kundiperekeza kugalimoto. Titatalikirana ndi amayi aja anaima. Anati popeza aliyense amapatsira wa Haji pemphero loti akamunenere pa Arafa, chigwa cha pafupi ndi Maka pamene amati Mulungu sabweza munthu, nayenso ali nalo lake. Ndinavomera msangamsanga. Ndinkaganiza kuti anena za thanzi la bambo ake, kapena kuti nayenso adzapite ku Maka, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kukonza zomulembetsa ulendo wa chaka chamawa.

"Mukandipempherere kuti zimene ndanena apo zidzakhale zoona," anatero. "Ndayesa ndekha zaka zambiri, Ayah Su. Sizikutheka. Mwina Mulungu akamva kwa inu."

Anabwerera kuchisakasa chifukwa mphika unali ukusefukira.

Phwando lotsanzika linachitika, ng'ombe anaizinga mnyamata wa kumsika, ndipo Ramlah anabwera kudzathandiza kukhitchini monga mwana wa pabanja. Pa Arafa ndinaima padzuwa ndi anthu osawerengeka, ndipo ndinanena pemphero lake mmene anandipatsira, osasinthako liwu, mobwerezabwereza mpaka mawu anandithera. Langa ndinalephera kulinena. Ndabwerako miyezi isanu tsopano, ndipo mudzi wonse umanditchula kuti Haji Jusoh. Lachisanu lililonse pochokera kumzikiti ndimaima pachisakasa paja, ndimatsika m'galimoto, ndimakhala pabenchi mpaka ogula atachepa. Amandipatsa moni, amandithirira tiyi wopanda shuga. Sindinamufunse ngati pempherolo linayankhidwa, ndipo iye sanandiuze.